Madzi othira mankhwala akuwataya, ana akuwabisa a katemera akafika: tiyambire pati?

Nachisale, Dómue

Akuluakulu muli pano, ndikupempha nzeru. Mvula yayandikira, ndipo kuno ku Angónia timadziwa kuti ikangokhazikika nkhani ya kolera imabwerera. Komiti ya zaumoyo ikufuna kupangana kusanapse, koma chovuta si kusowa uthenga ayi. Wailesi imalengeza m'Chinyanja m'mawa ndi madzulo, kusikelo amanena, kutchalitchi amanena. Mukafunsa munthu aliyense kuti kolera imabwera bwanji, akuyankhani ngati mwana wokhoza mayeso: madzi oipa, manja osasamba, kusowa chimbudzi. Koma mayi yemweyo akachoka pamjigo ndi chigubu chothiridwa mankhwala amakachikhuthulira kuseri kwa nkhokwe, n'kutsikira kudambo kukatunga ena. Pamaliro beseni ndi limodzi lomwelo, anthu 50 kusambamo. A katemera wa poliyo akangolowa m'mudzi, nyumba zina ana onse "apita kudimba".

Chondizunguza mutu n'chakuti midzi iwiri yoyandikana, anthu amodzimodzi, amakwatirana, msika wawo umodzi, koma uwu umalandira uwo umakana. Ndiye mundithandize pa zitatu. Woyamba kulankhula ndi anthu akhale ndani? Pamaliro a kolera tingatani kuti abale asaone ngati tawalanda malemu awo? Nanga chindapusa chomwe mafumu ena amaika chimathandiza, kapena chimaononga?

Phiri, Ulónguè

Mayi Nachisale, ndiyambe ndi madziwo, chifukwa apa timathamangira kunena kuti anthu ndi osamva pomwe kawirikawiri wolakwa ndi wothira mankhwala.

Klorini, mankhwala othira m'madzi aja, ali ndi muyeso wake. Waufa uja wobwera m'zidebe, HTH, mphamvu yake ndi 65 mpaka 70 peresenti, ndipo sathiridwa m'madzi akumwa ali ufa. Mumasungunula magalamu 15, ndiye supuni yaikulu imodzi yosadzaza mpaka msonga, mu lita imodzi ya madzi, m'botolo lapulasitiki osati chitini, n'kudikira kuti zoyera zija zikhale pansi. Madzi apamwambawo ndiwo mankhwala a 1 peresenti. Pa chigubu cha malita 20 cha madzi oyera apamjigo pamalowa pafupifupi mamililita 4 okha, osadzaza n'kasupuni ka tiyi komwe. Muyeso weniweni wa chitsime chilichonse umapezeka poyesa: zidebe zinayi zofanana, chilichonse muyeso wake, pakatha mphindi 30 mumaponya kambulu koonetsa klorini, kotchedwa DPD, m'kachoyezera n'kuona kufiirira kwake. Nthawi ya mliri timafuna klorini wotsala akhale mamiligalamu 0.5 pa lita. Tsono wothira akakhala alibe choyezera amathira ndi maso, n'kuwonjezera pang'ono "kuti agwire bwino". Madzi amafika kunyumba akununkha Javel wochapira uja, tiyi osamweka, bambo n'kufunsa kuti nsimayi mwaphikira chiyani. Zikachitika kamodzi basi, mayi uja sadzakanganso ndi munthu pamjigo, azingovomera mwaulemu n'kukataya.

Certeza, klorini wamadzi wa m'botolo, savuta chotero: chitsekerero chimodzi pa malita 20, kugwedeza, kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope muwasiye adikhe kapena muwasefe ndi chitenje choyera chopindapinda, kenako zitsekerero ziwiri. Koma botolo lomwe lakhala padzuwa pa benchi ya msika miyezi yambiri, kapena lapitirira tsiku lake, limakhala litatha mphamvu. Banja limathira mokhulupirika, mwana n'kutsegulabe m'mimba, ndipo mudzi wonse umamva kuti mankhwala aja ndi abodza.

Chachiwiri ndi nthawi yomwe azaumoyo amafikira. Kachilombo ka kolera kakalowa m'thupi pamatenga maola 12 mpaka masiku 5 kuti munthu adwale, ndipo ambiri okatenga sadwala n'komwe koma amakatulutsa m'chimbudzi. Gulu la mankhwala limafika munthu woyamba atagonekedwa kale. Lolemba athira klorini pamjigo, Lachitatu anthu asanu agwa. Anthu asanuwo anatenga matendawa gulu lisanabwere, koma woona ndi maso akuona kuti galimoto inafika, anathira zinthu m'madzi, anthu n'kuyamba kudwala. Onjezani kuti m'Chipwitikizi cloro ndi cólera n'zoyandikana m'khutu. Ku Nampula zimenezi zinafika poti mu 2009 anthu ogwira ntchito yothira mankhwala anamenyedwa, ena kuphedwa, akuti akufesa kolera. Carlos Serra wa ku Universidade Eduardo Mondlane, yemwe anafufuza mphekesera zimenezi m'maboma a m'mphepete mwa nyanja ku Nampula, anapeza kuti muzu wake sunali umbuli koma kusakhulupirira boma lomwe anthu amaliona kuti silibwera akamalira ndi mavuto ena, n'kutulukira mwadzidzidzi ndi mankhwala aulere.

N'chifukwa chake ndikuti yambani mu Novembala, kulibe wodwala aliyense. Wothira asankhidwe ndi amayi otunga pamjigo womwewo, makamaka wa m'komiti ya mjigo yemwe amasunga kale ndalama zokonzetsera, poti ameneyo anamuyesa kale pa ndalama. Sirinji yoyezera mankhwalawo muionetse poyera tsiku loyamba, aliyense aigwire aone kuti ilibe singano, apo ayi mawa mumva kuti akubaya madzi jakisoni. Ndipo woyamba kumwa asakhale mfumu yokha. Mfumu ikhoza kumwa chifukwa cha udindo. Chomwe amayi amayang'ana n'choti wothirayo watunga m'chigubu chomwecho n'kumwetsa mwana wake.

Powerengera musamawerenge zigubu zothiridwa pamjigo, chiwerengero chimenecho chimanama. Pitani masana m'nyumba khumi, mupemphe madzi akumwa ngati mlendo, muyese a mumtsuko. Mudziwa angati anasunga, komanso muona kapu yomwe aliyense amaviika ndi dzanja lomwe.

Gogo Nangozo, Tsangano

A Phiri anena zamadzi, ine nditenge zamaliro, pakuti pamenepo ndi pomwe chidani chenicheni chimabadwira.

Mwanawe Nachisale, munthu sapita kumaliro chifukwa sadziwa za kolera. Amapita chifukwa wosapita amamulemba mumtima. Mawa zikadzagwa kwake adzukulu adzachedwa kukumba, amayi sadzabwera ndi nkhuni, ndipo akapitiriza adzayamba kumunong'oneza kuti akudziwapo kanthu pa imfayo. Kolera mwina imugwira mwina ayi, koma kusalidwa n'kotsimikizika. Lamulo la mu 2020, nthawi ya Covid, loti pamaliro pasapitirire anthu 20 linkagwira m'tauni momwe muli apolisi. Kumudzi ndani akanaima panjira n'kubweza mlamu wa malemu kuti iwe ndiwe wa 21? Lamulo longoletsa, losapereka china cholowa m'malo, anthu amalizemba. Akalizemba amabisanso chomwe chapha munthu, ndiye mwataya zonse.

Zomwe sizingasinthidwe pa mtembo wa kolera n'zochepa, ndipo ndi bwino abale auzidwe chifukwa chake chimodzichimodzi. Thupi limapukutidwa ndi klorini wa 2 peresenti, ndiye magalamu 30 a HTH pa lita. M'kamwa, m'mphuno ndi kumbuyo mumatsekedwa ndi thonje loviika m'mankhwala omwewo. Kufinya m'mimba kuti mutuluke zonse, monga ena amachitira, ayi ndithu, chifukwa tizilombo tadzaza m'madzi amenewo. Ogwira thupi akhale ochepa, avale magolovesi, ndipo tsiku limenelo asayandikire kumoto kapena kugawa chakudya. Zofunda ndi zovala za malemu aziwiritse kapena aziviike mphindi 10 mu klorini wa 0.2 peresenti, magalamu 30 pa malita 10, ndipo asakachapire kumtsinje. Mphasa yonyowa itenthedwe. Kuika kusachedwe, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Zina zonse n'zokambirana. Cholakwika chachikulu chimachitika achipatala akabweretsa thupi lokulungidwa m'pulasitiki, anthu ovala zoyera osadziwika nkhope n'kulitsitsa okha m'manda. Mbumba sinaone nkhope, ndiye funso limabwera lokha: tadziwa bwanji kuti ndi iyeyo, nanga ziwalo zake zonse zilimo? Anthu a kuno sanaiwale mphekesera za anamapopa zomwe zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera ena a ku Malawi mu 2017. Mankhwala ake ndi osavuta. Mwini mbumba ndi mayi wamkulu mmodzi akhalepo thupi likamakonzedwa, aime poteropo akuona. Pulasitiki itsegulidwe kumaso kuti abale aone nkhope osagwira. Nsalu yomwe banja lakonza ikulungidwe pamwamba pa pulasitikiyo. Ndipo ntchito yonyamula ndi kutsitsa isachoke m'manja mwa adzukulu. Muwaphunzitse iwowo, muwapatse magolovesi ndi ndowa ya mankhwala zizikhala kwa mkulu wawo. Adzukulu pamaliro mawu awo saphwanyidwa, amatha kunyoza ngakhale mfumu anthu n'kumaseka. Mdzukulu akaima pakhomo ndi jagi n'kunena mwanthabwala zake zija kuti "bwerani ndikusambitseni, inu a manja a fodya", palibe amakana. Mawu omwewo anene mnyamata wovala chikwangwani cha bungwe, pakhala mlandu.

Pachakudya ndiye pamafalikira matenda kuposa pamtembo. Beseni lozungulira lija lichoke, koma musalichotse osaikapo kanthu: wina azithira ndi jagi, madzi azigwera m'beseni, sopo kapena phulusa zili pambali. Ngati alipo klorini wosambira m'manja, ndi wa 0.05 peresenti, supuni yaikulu imodzi pa malita 20, wopangidwa tsiku lomwelo chifukwa wofooka chotere sagonera. Kuthirira munthu madzi ndi ulemu woposa kumupatsira beseni lomwe asambamo anthu 30, ndiye mukazifotokoza ngati ulemu zimalowa msanga. Nsima ndi ndiwo zidyedwe zikadali zamoto, zogonera ayi. Thobwa ndi lowiritsa, koma limaipa akamalisungunula ndi madzi osathira mankhwala kapena chikho chimodzi chikamalowa ndi kutuluka mumtsuko. Mwambo wautali, kumeta ndi zina, banja likhoza kuuchedwetsa mpaka mliri utadutsa, bola zinenedwe ndi mfumu pamanda kuti anthu onse amve kuti si kunyozera malemu.

Zonsezi zipanganidwe lero, pabwalo, palibe amene waferedwa. Tsiku lamaliro munthu akulira simungamuphunzitse maperesenti. Kumene kuli gule, akuluakulu a kudambwe akhalepo pamsonkhanowo, pakuti maliro a munthu wolowa ali ndi eni ake ndipo mukawadumpha zomwe mwapanganazo zithera pabwalo pomwepo.

Ndiwonjeze za tenti ya odwala kolera. Anthu amaiopa chifukwa amaona olowamo akutuluka ali mitembo, pomwe chowapha n'kuchedwa. Munthu wofika msanga n'kulandira madzi, mwa anthu 100 safa ngakhale mmodzi. Koma kwathu kuno mayi sanyamula wodwala atsibweni kapena bambo asanalole, ndipo kolera yoopsa imaumitsa munthu m'maola ochepa. Panganani kuti pa kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga chilolezo chaperekedwa kale, wopezekapo anyamule. Panjira azimumwetsa: paketi imodzi ya mchere wa kuchipatala mu lita imodzi ya madzi abwino, ikasowa masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Ochira azibwerera masana anthu akuona, ndipo mtsogoleri wa mpingo alengeze Lamulungu kuti akuti ndi akuti abwerako.

Mbewe, Furancungo

Agogo, mwalasa. Ine ndiyankhe za chindapusa, ndipo ndisiyana pang'ono ndi omwe amati n'choipa paliponse.

Chimagwira pa chinthu chooneka, chomwe munthu ali ndi mphamvu yochichita, ndipo mudzi unavomerezana pabwalo. Chimbudzi ndi chitsanzo. Njira ya SANTOLIC, yoti mudzi wonse uleke kudzithandizira kuthengo, yomwe inalowa kuno ku Tete pamodzi ndi Manica ndi Sofala, imayenda chifukwa anthu amayendera limodzi malo omwe amadzithandizira, n'kuchita manyazi limodzi, n'kudziikira okha tsiku. Pamenepo nkhuku ya chindapusa kwa wotsalira aliyense amaiona kuti ndi chilungamo, bola nkhalamba ndi amasiye akumbiridwe ndi achinyamata. Koma muyang'ane ngati chimbudzicho chikugwiritsidwa ntchito. Kanjira kopita kumeneko kakamera udzu, chinamangidwira alendo oyendera. Zifukwa zake zimadziwika. Mkamwini sangalowe momwe amalowa apongozi ake, ndiye pakhomo pa chikamwini pamafunika ziwiri, kapena chimodzi chokhala ndi mpanda woti munthu asaoneke polowa. China ndi dzenje lokumbidwa lamakona m'dothi lamchenga, lomwe limagumuka mu Januwale. Likumbeni lozungulira, lopapatiza, mulimange m'mbali ndi njerwa kapena nsungwi zoluka, denga lisadonthe, ndipo litalikire chitsime mamita 30.

Pa matenda chindapusa ndi poizoni. Mukalipiritsa banja chifukwa wodwala anamwalirira kunyumba, kapena chifukwa anakana katemera, mwaphunzitsa mudzi wonse kubisa. Wotsatira adzaikidwa usiku, adzati anali ndi malungo.

Za woyamba kulankhula, musapusitsidwe ndi yunifolomu. Kuyambira pa Decreto 15/2000 boma linazindikira atsogoleri a m'midzi, ma régulo (mafumu) ndi masekeretale, n'kuwapatsa zovala ndi mbendera. Kuwadumpha simungathe, ndipo musayese. Koma pali midzi yomwe sekeretale amaonedwa ngati munthu wa chipani, ndiye uthenga ukangotuluka m'kamwa mwake theka la mudzi latseka kale makutu. Kusiyana kwa midzi iwiri yanu ija, mayi Nachisale, mukafufuza mupeza kuli pamenepa, kapena pa mkangano wa ufumu, kapena pa lonjezo lakale lomwe silinakwaniritsidwe, monga mjigo womwe analembetsa maina koma sunabwere. Funsani amayi padera funso ili: mwana akadwala usiku mumagogoda kwa ndani? Maina omwe abwerezedwe, kaya ndi namkungwi, katekisiti, sing'anga wa m'bungwe la asing'anga la AMETRAMO kapena APE, wazaumoyo wa m'mudzi uja, amenewo ndiwo muyambe nawo, aliyense kunyumba kwake, msonkhano usanaitanidwe.

Ndipo muzisamala ndi kaundula. Akuluakulu a kuno anaona kusamutsidwa mokakamiza nthawi ya Apwitikizi, anaonanso midzi ya pamodzi ufulu utabwera, ambiri anathawira ku Malawi mpaka nkhondo itatha mu 1992. Mlendo akatulutsa pepala n'kuyamba kulemba maina a m'nyumba osanena kuti apita nawo kuti, si onse amaona zaumoyo.

Nabanda, Zóbuè

A Mbewe, pa chindapusa cha chimbudzi ndikukayikabe, chifukwa nkhuku zija nthawi zambiri zimathera mumphika wa mfumu ndipo anthu amaona. Koma ndisiye zimenezo, ndinene za poliyo.

Funso la makolo ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa moona: bwanji mukubwera kachisanu ndi madontho a matenda omwe sitinawaonepo, pomwe kuchipatala mankhwala a malungo amatha? Yankho lake lilipo. Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe, yemwe amati wa kutchire, mu Ogasiti 2020. Mu Febuluwale 2022 Malawi inalengeza mwana wopuwala ku Lilongwe, kachilombo kake kofanana ndi ka ku Pakistan. Mu Meyi chaka chomwecho anapezeka mwana ku Changara, woyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992, ndipo pofika kumapeto kwa chaka ana opuwala ndi kachilombo kameneka anali 8, onse a m'chigawo chathu cha Tete. Mwa ana pafupifupi 200 otenga kachilomboka mmodzi yekha ndiye amapuwala, enawo amangokafalitsa m'chimbudzi akusewera bwinobwino. Ndiye ana 8 opuwala akutanthauza mazanamazana oyenda nako. Madontho awiri aja sagwira mwa mwana aliyense ulendo umodzi, makamaka kumene ana amatsegula m'mimba pafupipafupi, n'chifukwa chake amabwereza, ndipo kubwereza sikupweteka mwana. Komanso poliyo ali mitundu, botolo la ulendo uno likhoza kukhala la mtundu wina. Mliri wa mu 2022 uja unalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024, ndipo anthu ayenera kuuzidwa zimenezo, kuti khama lawo lija linabala. Kawirikawiri timabwera kudzapempha, kudzanena zotsatira sitibwera.

Pakhomo zimayenda chonchi. Gulu likhale ndi munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo iyeyo ndiye aodire ndi kupereka moni, osati mlendo. Kukana kwambiri sikukhala kwa mayi. Mayi amati "bambo ake kulibe", kutanthauza kuti akalola yekha madzulo kukhala mlandu. Musamukakamize, funsani kuti abambo kapena agogo apezeka nthawi yanji, mulembe pachitseko ndi choko kuti mubwereranso, ndipo mubwereredi. Yambani ndi nyumba zomwe mukudziwa kuti alola, zili pamalo ooneka, chifukwa mayi wokayika amasuzumira kaye kwa mnzake. Kadontho kachizindikiro pa botolo kaonetseni: kabokosi kamkati kakhale kowala kuposa bwalo lozungulira, kakafanana nalo kapena kuda kuposa, botolo limenelo lapsa ndi kutentha, silimwetsedwa. Kholo likaona mukutaya botolo loonongeka limakukhulupirirani kuposa mukanalankhula ola lathunthu.

Chinyengo chomwe chimapha ntchitoyi ndi kupaka inki yosonyeza kuti walandira pa kachala kakang'ono ka kumanzere mwana asanamwe, kapena osamwa n'komwe. Kholo lokana limapempha kuti "ingopakani kuti asativutitse", gulu lotopa lomwe likufuna chiwerengero chikwane limavomera. Papepala mudzi wonse walandira, m'mimba mwa ana mulibe kanthu. Woyang'anira asamangoona zala, azifunsa mwana wamkulu wa m'nyumbamo kuti mng'ono wako anamudonthezera m'kamwa kodi. Ndipo gulu lisamakalipiridwe likabweretsa chiwerengero cha okana, apo ayi lisiya kuwalemba.

Kuno kumalire kuli zakezake. Ku Zóbuè, ku Calómuè, ndi mumsewu wa Dedza mpaka Ntcheu momwe mbali iyi ndi Malawi mbali iyo Mozambique, mwana amagona uku n'kukasewera uko. Ena ali ndi makhadi awiri a sikelo. Ku Malawi katemera wa makanda amayendera masabata 6, 10 ndi 14, kuno miyezi 2, 3 ndi 4, ndiye mayi wosokonezeka asakalipiridwe, muwerenge makhadi onse awiri. Namwino akamunyoza mayi chifukwa khadi ndi la dziko lina kapena lada ndi utsi, mayi ameneyo ndi yemwe adzatseke chitseko a kampeni akadzafika. Tsiku la msika ikani gulu pamsika pomwepo, ana ambiri "opita kudimba" ali kumbuyo kwa amayi awo akugulitsa mbatata ya kachewere.

Komiti idziwenso ichi: mwana aliyense wosakwana zaka 15 yemwe mwendo kapena dzanja lalefuka mwadzidzidzi, osavulala, anenedwe kuchipatala msanga. Amatenga chimbudzi kawiri, motalikirana tsiku limodzi, masiku 14 asanathe. Ambiri amayamba kwa sing'anga poganiza kuti mwana waponda mankhwala, ndiye sing'angayo ndi amene muyenera kupangana naye kuti azikutumizirani uthenga.

Nachisale, Dómue

Zikomo nonse, ndalemba. Zoti tiyambe mu Novembala ndi za adzukulu tizitengera kukomiti sabata ino. Chatsala chimodzi, mayi Nabanda. Kuli mabanja a mpingo wa Apostoli omwe mankhwala alionse salandira, ngakhale Certeza. Amenewa si mphekesera, ndi chikhulupiriro. Ena m'komiti akuti tiitane apolisi.

Nabanda, Zóbuè

Apolisi ayi, achemwali. Tsiku lomwe galimoto yawo ifike, ana adzagona kuthengo kapena kuwolokera tsidya lina, ndipo ulendo wotsatira simudzapeza ngakhale woti mulankhule naye. Akuluakulu awo adzati taonani chizunzo chomwe tinkanena.

Choyamba musawaike m'thumba limodzi. Mipingo ya Apostoli ndi ya Ziyoni ndi yambiri, ina imalola chipatala, ndipo ngakhale mwa a Johane Marange omwe amadziwika ndi kukana, kulimba kwake kumasiyana malinga ndi mtsogoleri wa pamalopo. Pitani kwa iyeyo anthu awiri okha, wamkulu wa m'mudzi yemwe amalemekezana naye ndi wazaumoyo mmodzi, popanda gulu loonerera, chifukwa pagulu sangabwerere m'mbuyo anthu ake akuona. Musatsutsane naye za Baibulo. Mufunseni kuti pa zinthu izi ndi ziti zomwe chiphunzitso chawo sichiletsa, ndipo mudzapeza kuti zilipo zambiri. Kuwiritsa madzi si mankhwala: afike pobwadamuka, azizire m'chiwiya chomwecho chovundikira. Kusamba m'manja mothirirana, chimbudzi, kufotsera chimbudzi cha mwana, zonsezi zimagwirizana ndi ukhondo womwe iwo amalalikira kale. Madzi a shuga ndi mchere ambiri amawalandira chifukwa ndi za m'khitchini, ndipo madzi omwe amapempherera odwala akhoza kukhala owiritsa. Pamisonkhano yawo ikuluikulu ya panja, pomwe anthu amagona masiku angapo, pemphani kuti maenje a zimbudzi akumbidwe anthu asanafike, kumunsi kwa potungira madzi.

Pa katemera, amayi ena a mipingo imeneyi amafuna ana awo alandire koma amaopa kuonedwa ndi kukaulula pamaso pa mpingo. APE adziwitse mwakachetechete kuti pali nthawi ndi malo, kaya kunyumba kwa mbale yemwe si wa mpingowo kaya m'mawa kwambiri chipatala chisanadzaze. Inki ya pachala ndi yomwe imawaulula, ndiye nkhani imeneyo mukambirane ndi woyang'anira kampeni wa boma lanu kampeni isanayambe, kuti ana otere alembedwe m'kaundula mwa njira ina. Ndipo m'komiti yanu dzina la mayi wotero lisatchulidwe, ngakhale kwa mfumu.